Chipanda cha Eneless Sichilawa Sopo

Ku Kambombo, ukafunsa za thobwa labwino, aliyense ankakulozera kwa Eneless. Mayiyu anali wamfupi koma wapakamwa, ndipo chipanda chake chakale sichinkalawa sopo. Ankangochitsukuluza ndi madzi, amvekere mphamvu yowawasitsa thobwa imakhala m'katimo. Amene ankamunena kuti ndi wauve ndi omwewo ankapempha kapu yachiwiri.

Mu 1996 mwamuna wake Hosea anadwala chifuwa chachikulu. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi a miyezi isanu ndi itatu. Kutsokomola kunachepa, koma m'mimba munavuta, moti bambo wamkulu ankangokhalira liwiro la kuchimbudzi. Tsiku lina anakankha mapiritsi aja.

"Amake Fridah, mankhwala aya andipha. Bola chifuwacho."

Eneless anagwidwa ndi mantha, poti mlamu wake anasiyira mankhwala omwewa panjira ndipo anamuika m'manda chaka chomwecho. Anamanga chitenje, ulendo wapansi kwa namwino Juliet, yemwe boma linamutumiza kuchokera ku Chipata.

"Amai, m'mimba mwa munthu muli tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya," anatero Juliet. "Manje mankhwala sasankha. Akupha ta chifuwa, akuphanso tabwinoto. Koma asaleke kumwa, olo tsiku limodzi."

Eneless anawomba m'manja n'kuseka mpaka odwala onse anacheuka.

"Sista, ndiye kuti amuna anga mwawatsuka na sopo! Izi nizidziwa ine."

Juliet anaseka nawo, n'kuvomera maganizo a Eneless oti azimupatsa Hosea thobwa la m'chipanda chija kuti libwezeretse tizilombo tabwinoto, bola lisafike pa mowa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Eneless ankaima pamaso pa Hosea, mapiritsi kudzanja ili, madzi kudzanja ilo, osaphethira mpaka mwamunayo atameza. Dzuwa likakwera, thobwa lowawasa linkatsatira. Kaya linali thobwalo, kaya mimba inangozolowera, palibe angalumbire, koma maulendo akuchimbudzi anachepa. Hosea anang'ung'udza miyezi yonseyo, komabe sanadumphe tsiku.

Atayeza makhololo komaliza, Juliet anawauza kuti chifuwa chatha. Pobwerera kwawo anapeza mbuzi za eni zili m'munda mwawo wa chimanga. Hosea anazithamangitsa, akukuwa ndi mawu omveka mpaka kutsidya kwa dambo. Eneless anangokhala pansi panjira pomwepo, misozi ili mbwee, uku akuseka ndi chimwemwe. Chaka chathunthu chinali chitadutsa osamumva mwamuna wake akukalipa.