Malume Obwereka ku Etwatwa

Chaka chimene ng'ala inayamba kundiphimba diso lamanzere, mayi amene ndinkawasitira zovala ku Springs, kuno ku Joni, anandiikira buku m'foni kuti ndizingomvera. Ankawerenga anali bambo wa mawu odekha, m'Chingerezi chonga chimene tinkaphunzira ku sekondale. Nkhani yake inali ya mnyamata wa ku Ireland, wosauka koma wodzitama kuti makolo ake anali mafumu. Anakwera ndi bodza, njuga ndi zovala zabwino, mpaka maso ake anagwera pa mkazi wamasiye wachuma. Ndinkamvera ndikusita, ndipo sindinapsereze malaya ngakhale amodzi.

M'miyezi yomweyo mwana wa malemu mng'ono wanga anapeza mwamuna womufunsira. Mwanayo anali mkazi wamasiye, ndipo anali ndi sipaza yake ku Etwatwa, kagolosale ka m'kontena kamene kankadyetsa ana awiri. Mwamunayo ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankati ndi bwana pa kampani ya alonda, ndipo anali atanena kale kuti akakwatirana sipaza idzalembedwe m'dzina lake, kuti iyende mwadongosolo. Mawu amenewo ndinali nditawamva kale m'buku la m'foni lija.

Mlongo wanga, amene ndiye nkhoswe, ali ku Dedza ndipo miyendo inamukana. Anandituma kuti ndikhale m'malo mwake. Ndisanavomere, ndinapempha kulankhula pa foni ndi amayi a mwamunayo. Anali ku Ntcheu, ali bwino, akudandaula za mvula.

Loweruka lina mwamunayo anabwera ndi malume ake. Anali bambo aimvi, a suti yofiirira, odziwa kuwomba m'manja. Mwambo ankaudziwa bwino lomwe, koma mphwawo ankamuyang'ana ngati munthu amene angokumana naye mu takisi. Titalonjerana, ndinagwada monga timachitira.

“Pepani ndi zovuta zija,” ndinatero. “Ife tinamva mochedwa za achemwali anu, amayi a mphwanuyu.”

Bambowo anavula chipewa n'kuwerama.

“Zikomo, mayi. Anavutika nthawi yaitali. Ndinawaika ndi manja angawa.”

“Amayi alipo,” anatero mwamunayo motsitsa mawu.

“Alipo?”

“Alipo, malume.”

“Basi tithokoze Mulungu,” anatero bambowo, navalanso chipewa.

Palibe anaseka. Ndinawathirira tiyi, ndipo anamwa ndi buledi. Kenaka ndinafotokoza kuti mabasi ochokera kumudzi amafika ku Joni mlungu uliwonse, ndipo tidzadikira malume enieni. Potuluka, bambo aja anandinong'oneza kuti amakhala ku Katlehong, ndipo ngati kwathu kungasowe munthu wamkulu pa chinkhoswe kapena pa maliro, amapezeka Loweruka lililonse. Ndinawathokoza.

Malume enieni sanabwere. Mwamunayo anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu.

Mwana wa mng'ono wanga uja anandikwiyira dzinja lonse.

“Amayi aakulu, kodi ndinakuuzani kuti ndikufuna malume? Ine ndimafuna munthu wondinyamulira makireti a zakumwa.”

Sindinamutsutse, pakuti makireti ndi olemeradi. Lero timalankhulana. Sipaza ikadali m'dzina lake, ndipo anagula wilibala.

Buku lija ndinalimaliza ndikusita makatani. Mkazi wamasiye wa m'menemo anakwatiwa, ndipo chuma chake chinaphwasuka. Ndinabwereza mitu ingapo kuti ndimve ngati anali ndi amayi aakulu. Sanatchulidwe.