Dzina pa Chitsulo Chotsala

Titamaliza kulumikiza makina atsopano a plasma odulira zitsulo kufakitale ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja, abwana anati ndiwayese pa chitsulo chotsala. Ndinalemba pakompyuta dzina la malemu mkazi wanga, Thokozire, ndipo moto unalidula mosalala bwino.

Abwana atafunsa tanthauzo lake, ndinachita manyazi. Ine ndi digiri yanga yonse, ndinanama kuti ndi zilembo zoyesera zimene zinabwera ndi makinawo.

A Tembo, anzanga a ku Chipata, anayang'ana chitsulocho, kenako ine. "Achimwene, opanga makinawa ndi akwathu eti?"

Abwana anakhulupirira, nalamula kuti tiziyesa choncho Lolemba lililonse. Bodzalo sindinalibwezebe. Pano a Thokozire alipo khumi ndi anayi pashelefu, ndipo a Tembo amawapukuta fumbi.