Phazi la Mbuzi Silinapezeke pa Bwalo la Ndege

Amene anandibweretsera nkhani ya ntchitoyi ndi alamu anga a Zuze. Anandipeza ndikupuntha mapira kwathu kwa Chapananga, amuna anga atangomwalira kumene. "Mlamu, ku famu ya ng'ombe akufuna munthu wosamala bwalo la ndege. Amuna atatu athawako, ati dzuwa." Ndinati ine dzuwa la kuchigwa kuno ndinabadwa nalo. Ndinagwada kuthokoza Mulungu, m'mawa mwake ndinapita.

Bwalolo linali ladothi, ndipo inkaterapo ndege imodzi yokha, ya eni famu, yamipando inayi. Kapitawo wathu, a Alufandika, anandipatsa khasu, wilibala, ndowa ya laimu wopaka miyala ya m'mbali, ndi mbendera yofiira. Pamtengo wautali panali thumba lansalu losonyeza kumene mphepo ikulowera. "Ndege imatera moyang'anana ndi mphepo," anatero. "Inu kwirirani maenje, gumulani chiswe, ndipo mbuzi ndisaione pano." Chimodzi ndinawonjezera ndekha. Tsiku lobwera ndege ndinkakoka nthambi yaminga bwalo lonse, kuti chilichonse chopondapo chisiye phazi, monga timachitira pakhomo la khola tikamakayikira fisi.

Tsiku lovutalo linali la mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo. Oyendetsa ndegeyo anali a Mbewe, bambo wansangala amene ankanditchula kuti abwana a bwalo. Ankabwera ndi dokotala wa ng'ombe, chifukwa m'khola munagwa matenda. Mphepo inali itatembenuka, thumba lija likuloza kwina, koma iwo anatsikira mbali yomwe anazolowera, mphepo ili kumbuyo kwawo. Ndinakupiza mbendera mpaka mkono kuwawa. Ndegeyo inadutsa theka la bwalo ikadali m'mwamba, kenaka anaikakamiza kutsika. Inagunda pansi ndi tayala lakutsogolo, n'kudumpha ngati chiwala, n'kugundanso. Kachitatu tayalalo linathyoka, mphuno ya ndegeyo n'kulima dothi.

Ndinathamanga ndikupemphera mokweza. Dokotala anatuluka yekha, atang'ambika pachipumi. A Mbewe sankatha kugwedeza miyendo. Poti moto sunabuke, sitinawakoke. Tinadikira thabwa, n'kuwanyamula mwapang'onopang'ono kupita pagalimoto.

Galimoto itangochoka, a Alufandika ananditembenukira pamaso pa antchito onse. "Ndi mbuzi zimenezi. A Mbewe sangagwe popanda chifukwa. Mayi, mawa musabwere."

Ana anga anayi ankadalira ntchito imeneyi. Ndinati, "Akapitawo, ndichoka, koma tiyambe tayenda limodzi. Mukapeza phazi la mbuzi ngakhale limodzi, wilibala ndikakutulirani ndekha."

Tinayenda bwalo lonse. Mizere ya minga ija inali yosafufutika. Panali mapazi a njiwa, a buluzi, ndi angawa. Ndinawaonetsa pamene tayala linayamba kukhudza dothi, kupitirira pakati, ndi malo atatu pamene linakumba. Anavula chipewa n'kundifunsa:

"Inu upolisiwu munaphunzira kuti?"

"Ndinalekeza Sitandade sikisi, akapitawo. Zinazi ndi zakukhola."

Patapita sabata, eni famu ananditenga kukawaona a Mbewe kuchipatala. Ali chigonere, a Mbewe anauza eni famuwo kuti, "Mbendera ndinaiona, bwana. Ndinati ndikwanitsa, ng'ombe zikudikira. Ndikanangokweranso n'kuzungulira, bwenzi zonsezi kulibe. Amayiwa musawakhudze."

Ndinagwira ntchitoyo mpaka ana onse anatha sukulu, ndipo panthawi yanga sipanagwenso ndege. Chimene ndinasunga n'chakuti chinthu ukachiyamba mokhota, si manyazi kubwerera n'kuchiyambanso. Kukakamiza ndiko kumathyola.

A Mbewe sanayendenso. Ali pa njinga ya olumala, ndipo amawasamala ndi akazi awo ndi ana awo aakazi awiri. Akanakhala chete, anthu ambiri akanakhulupirira za mbuzi zija kusiyana ndi mizere yanga, koma ananena zoona msana uli wothyoka. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzilikumbukira banja limeneli.