Mai Nyarai ndi Migolo ya ku Sakubva

Kuseri kwa msika wa ku Sakubva kuli bwalo lafumbi kumene masukulu ophunzitsa kuyendetsa galimoto amabweretsa malole awo. Ine ndimagulitsa chimanga chophika ndi maheu pansi pa mtengo wa mango umene uli m'mphepete mwa bwalolo. Ndakhalapo zaka zambiri, ndipo amuna amene ndawaona akutuluka thukuta pa chiwongolero sindingawakumbukire onse. Koma Mai Nyarai sindimuiwala, chonsecho iye sanagwirepo chiwongolero ndi kamodzi komwe.

Anali mkazi wamfupi, wa manja okhakhala, wosakonda zoyankhulayankhula. Anakulira ku Honde, kumene ankathyola tiyi ndi kusenza nthochi, ndipo anakwatiwa ndi Togara, mwamuna wa ku Buhera amene ankagwira ntchito pa fakitale ya matabwa. Ankachita lendi chipinda chimodzi m'kanjira kopanikiza pafupi ndi kwathu, iwo awiri ndi mwana wawo wamkazi, Nyarai. Fakitale itatsekedwa, banjalo linkangodya zimene Mai Nyarai ankapeza pochapira anthu zovala.

Chimene chinkamusowetsa mtendere si njala ayi. Mayi ake a Togara anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo anali chigonere kumudzi ku Buhera. Mlongo wake wa Togara, amene tonse tinkamutchula kuti Tete Sekesai, anali atagamula kale kuti Mai Nyarai apite akawasamalire. Togara anapempha kuti amudikire kaye. Anati akapeza laisensi ya lole apeza ntchito, achita lendi nyumba yokulirapo, kenako akatenga mayi akewo adzakhale nawo m'tauni muno, pafupi ndi chipatala. Akalephera, chipinda chibwezedwa kwa mwini wake ndipo mkazi apita kumudzi. Tete anavomera monyinyirika.

Ndiye laisensiyo ankaifuna ndi Togara, koma amene zikanamugwera ikapanda kupezeka anali mkazi wake. Mai Nyarai anali atakhalako kale ku Buhera atangokwatiwa kumene. Ankadziwa kutalika kwa chitsime, ankadziwanso kuti kumeneko mkamwana amadzuka woyamba, n'kudya womalizira.

Poyamba munthu amalemba mayeso a malamulo a pamsewu kuti apatsidwe chiphaso chophunzirira. Togara zinthu za m'buku sizinkamulowa msanga. Ndikamadutsa pakhomo pawo ndinkapeza mkazi wake manja ali m'beseni, buku atalitsamiritsa pa ndowa, akumufunsa.

"Mwafika pamphambano, galimoto ina ikuchokera kumanja kwanu. Ayambe kudutsa ndani?"

"Ine. Yanga ndi yaikulu."

"Baba Nyarai, musamasewere. Ayambe ndani?"

Mayeso amenewo anakhoza. Kenako anabwera ku bwalo lathu, kwa a Gwaze, mphunzitsi wa chimimba amene lole yake inali yokalamba kuposa zonse.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi migolo. Amaimika migolo yachitsulo m'mizere iwiri, ndipo wophunzira amalowetsa lole pakati pake chobwerera m'mbuyo, akuyang'ana m'magalasi a m'mbali. Pa mayeso ukangokhudza mgolo umodzi, basi, tsika, uzipita kwanu. Nthawi ya phunziro ndi yolipira komanso ndi yochepa, ndipo mgolo ukagwa wophunzira amatsika yekha kukauimika, nthawi yake ikupita. A Gwaze sankatsika. Ankangotulutsa mutu pawindo.

"Mwapha! Mwapha apongozi anu, Baba Nyarai! Tsikani mukawapepese!"

Tsiku loyamba Togara anakhala nthawi yaitali pansi kuposa m'lole. M'mawa mwake anabwera ndi mkazi wake. Mai Nyarai anali atavala mpango wofiira kumutu, ndipo anakaima kumapeto kwa mzere wa migolo. Mgolo ukagwa ankathamanga, n'kuugubuduza, n'kuuimika pamalo pake lole isanabwerenso. Migolo imeneyo si yopepuka, ndipo m'milomo mwake munali dzimbiri lokala manja. Ankachapa zovala za anthu m'mamawa, kuziyanika, n'kubwera ku bwalo. Akachoka apo ankapita kukasita.

Ophunzira ena ataona kuti pali munthu woimika migolo, anasiya kutsika.

"Amayi, uwo wagwa uko!"

Iye ankapita. Sanakanepo, poopa kuti a Gwaze angakhumudwe n'kuyamba kumuthamangitsira mwamuna wake nthawi. Palibe anamupatsapo kanthu. Ena ankati zikomo, ena ankangoimba hutala. Ine ndinkamupatsa kapu ya maheu, ndipo ankamwa chiimire, maso ali ku migolo.

"Takhalaniko pansi pang'ono," ndinamuuza tsiku lina.

"Ndidzakhala akadzakhoza, Mai Shupi. Mudzatopa nane pansi pa mango pano."

Patapita masabata angapo Togara anasiya kugwetsa migolo. Lole inkalowa bwinobwino ngati ikuyenda pa njanji. A Gwaze anayamba kumunyadira pamaso pa ena.

"Taonani mkulu uyu, inu ana a masiku ano! Anabwera kuno akupha anthu ngati mliri. Lero ndingamupatse mazira anyamule. Baba Nyarai, sabata yamawa mukayesedwe, mwapsa inu."

Ku malo oyesera madalaivala achibale salowa. Amatsala kunja kwa mpanda, pageti. Mai Nyarai anaima kumeneko ndi botolo la madzi ndi mbatata yophika yoti mwamuna wake adzadye akatuluka. Masana ndinawaona akubwerera, Togara patsogolo, mkazi wake m'mbuyo kutali ndithu, mbatata ija ili chimangire. Sindinafunse. Lole inali isanalowe n'komwe theka pamene anagunda mgolo.

A Gwaze zinawadabwitsa. Tsiku lotsatira anamukweza Togara m'lole, ndipo analowetsa osakhudza kanthu. Anabwerezanso, chimodzimodzi. A Gwaze anavula chipewa, anakanda m'mutu, kenako anatsika, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anaima pambali n'kumayang'ana, osati lole, koma Mai Nyarai.

"Mai Nyarai, tandigulireniko fodya kumsika uko."

Atangokhota pa ngodya ya msika, a Gwaze anakodola Togara kuti abwerere m'mbuyo. Mgolo woyamba unagwa. Wachiwiri unagubuduzika mpaka pafupi ndi mphika wanga wa chimanga.

Apa m'pamene tonse tinazindikira. Mai Nyarai akaima kumbuyo kuja, thupi lake silinkakhala chete. Msana wa lole ukayandikira mgolo wa kumanzere, iye ankapendekera kumanja osadziwa. Zikafika poopsa ankagwira pakamwa. Zikakhala bwino ankatsitsa manja. Togara, osadziwanso, anali atasiya kalekale kuyang'ana migolo m'galasi. Ankayang'ana mpango wofiira.

A Gwaze anaseka mpaka anatsamira pa tayala.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Munthu uyu sayendetsa ndi magalasi, amayendetsa ndi mkazi wake! Baba Nyarai, ndiye mukapeza ntchito muzikawamangirira kumbuyo kwa lole mayiwa? Mpaka ku Beira?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mai Nyarai anafika ndi fodya uja anthu akusekabe, ndipo nayenso anamwetulira posadziwa chimene akuseka. Togara anatsika m'lole nkhope ili gwa.

"Wandiwonongera zonse iwe," anatero pamaso pa anthu. Ndinali ndisanamumvepo akumutchula mkazi wake kuti iwe. "Anakutuma ndani kuti uzivina kumbuyoko?"

"Ndimangoimika migolo, Baba Nyarai."

"Usadzaimenso pamene ndingakuone."

Mai Nyarai anapereka fodya kwa a Gwaze ndi manja awiri.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya Togara ikakwana Mai Nyarai ankabwera kudzakhala kuseri kwa mtengo wanga wa mango, msana atalozetsa ku bwalo, mpango atauvula n'kuupinda pamiyendo. Ankandisendera chimanga kuti manja asakhale chabe. Mgolo ukalira kumbuyo kwake ankadzidzimuka, miyendo n'kufuna kunyamuka yokha, kenako ankapitiriza kusenda. Tinkamva chitseko cha lole chikutseguka, Togara akutsika, mgolo ukukwekwerezedwa m'fumbi.

"Ndi wa kumanzere umenewo," ankanong'ona. "Amachedwa kuwongola."

Togara akangochoka, ophunzira ena ankayamba kumuitana, ndipo ankavalanso mpango n'kupita. A Gwaze anali atanena kuti azimuwonjezerako Togara nthawi pang'ono chifukwa cha ntchito ya mkazi wake. Masiku ena ankakumbukira.

Tete Sekesai anabwera kamodzi ku bwalo, atavala za kutchalitchi. Anaima pamthunzi panga osagula kanthu.

"Shorai," anatero. Ndi tsiku limenelo pamene ndinamva dzina lake lobadwa nalo. "Ukudzutsa migolo ya eni kuno, amayi akusowa wowadzutsa pamphasa. Zikukukomera?"

"Atsala pang'ono, tete. Akangokhoza tikawatenga."

"Nyimbo imeneyo ndaimva chaka chonse."

Togara anaphunzira. Zinamutengera miyezi, ndipo chiphaso chake chophunzirira chinali chitatsala pang'ono kutha mphamvu pamene anapitanso kukayesedwa. Ulendo uno mkazi wake sanapite pageti. Anakhala ndi ine, akusenda chimanga chomwe chinali chosendasenda kale. Dzuwa litapendeka tinamva hutala wa lole ya a Gwaze kuchokera kutali, akuimba mosalekeza. Togara anali atadutsa migolo, ananyamuka pachitunda lole osabwerera m'mbuyo, ndipo anazungulira m'tauni popanda cholakwa.

Mai Nyarai analulutira kamodzi kokha, kenako anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi mpango uja. Togara anabwera pamthunzi, anaima pafupi naye, ndipo anagula chimanga chiwiri. Chachikulu anapatsa mkazi wake. Za mawu okalipa aja sanatchule, koma ndinaona kuti Mai Nyarai anamva kuti kunali kupepesa.

Ntchito inapezeka pa kampani ina yonyamula matabwa kuchokera ku Chimanimani kupita ku Bulawayo ndi kupitirira. Koma dalaivala watsopano sapatsidwa lole yakeyake. Amayamba wayenda ndi dalaivala wamkulu kwa zaka, malipiro ake ochepa, ndipo maulendo amene ena akana ndi ake. Togara ankagona m'lole, ankadya m'misewu. Kunyumba ankafika mwa apo ndi apo, kudzasiya zovala zakuda ndi kutenga zochapa. Nyumba yokulirapo ija sinatchulidwenso.

Tete anadikira tsiku limene Togara anali pakhomo. Makoma a nyumba za ku Sakubva sabisa mawu.

"Iwe umagona m'lole. Chipinda chino ukulipirira ndani? Amayi akugona pa zonyowa. Laisensi si yapezeka? Ndiye mkaziyu akudikiranso chiyani m'tauni?"

"Ndinalonjeza kuti ndidzawabweretsa kuno, tete."

"Uwaike pati? Pamwamba pa kabati?"

Mai Nyarai anali panja akuchapa ovolosi ya mwamuna wake, ndipo sanasiye kuchapa. Anagwirizana kuti Mai Nyarai apite ku Buhera, mwana wawo Nyarai atsale kwa Tete ku Dangamvura, m'tauni momwemuno, apitirize sukulu. Tete ali ndi ana aang'ono atatu, ndipo sindinafunikire kuuzidwa amene aziwasambitsa.

Tsiku losamuka Togara anapempha lole ku ntchito kuti anyamulire katundu. Kanjira ka kwawo ndi kopanikiza kwambiri: mbali ina mpanda wa njerwa, mbali ina ngalande ndi mpopi wa madzi. Kulowa kwake n'kobwerera m'mbuyo basi. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Mai Nyarai anali atatulutsa kale bedi, mabeseni ndi mbaula, ndipo anali ataima pakhomo, mpango wofiira uli kumutu. Lole itayandikira mpopi, ndinamuona akupendekera kumanja. Kenako anakweza dzanja.

Ine ndinali pamalo poti nkhope ya Togara ndinkaiona m'galasi. Maso ake anali pa mpanda, n'kupita pa mpopi, n'kubwereranso pa mpanda. Anadutsa pampata woti chala chokha n'chimene chikanalowa, ndipo anaimitsa lole ndendende pakhomo. Anthu anawomba m'manja.

"Dalaivala ameneyo!" anafuula bambo wina. "Mai Nyarai, muli ndi mwamuna inu!"

"Eya," anatero iye. Anatsitsa dzanja lija, n'kuyamba kukweza mabeseni.

Asanakwere anabwera kudzanditsanzika. Anandisiyira beseni limodzi lalikulu, akuti kumudzi madzi ake sangadzaze. Aka kanali koyamba kuti akwere lole, ndipo anavutika kupeza popondera mpaka Togara anamukoka dzanja.

Lolemba lake a Gwaze anafika ndi wophunzira watsopano. Mgolo utagwa anaimba hutala, anadikira, anaimbanso. Kenako anatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana kwa ine.

"Mai Shupi, mayi wathu uja ali kuti?"

"Anapita ku Buhera."

"Aa! Abwera liti?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anayang'ana mgolo uja uli chigonere m'fumbi, kenako anatembenukira kwa wophunzirayo.

"Ukudikira chiyani? Tsika, ukauimike wekha."