Mlatho Umene Ndinauthirira

Mboni zanga ndi ziwiri: malume anga a Jailosi, amene anamwalira, ndi mlongo wanga Esinati, amene sitilankhulana. Mukawafunse.

Dzulo pamsika wa Thambani ndinaponda nachesi lowola, fungo lake n'kundibwezera kwathu kuseri kwa phiri. Kumeneko manachesi a bambo ankawolera m'madengu chifukwa galimoto sinkatha kuwoloka mtsinje. Mbuzi zinkawadya mpaka kuledzera.

Tsiku lina anthu a kukhonsolo anabwera n'kukhoma chikhomo m'mbali mwa mtsinjewo.

"Mlatho wanu ndi umenewu," anthuwo anawauza bambo.

Ine, pokhala mwana, ndinkayesa mlatho amachita kudzala ngati chinangwa. M'mawa uliwonse ndinkathirira chikhomocho, ndowe n'kuikapo.

"Ukutani iwe?" anandifunsa malume.

"Ndikuthirira mlatho."

"Thirira, mphwanga. Boma lonseli, wogwira ntchitoyi ndiwe wekha."

Chikhomocho chinali chachiwisi, cha mkuyu, ndipo chinaphuka. Bambo anadikira mpaka kutopa, n'kudula mitengo yonse ya manachesi, kuwotcha makala. Mkuyu uja unakula, ndipo mvula ya chaka chatha inaugwetsa chopingasa mtsinje. Ndikulumbira, lero anthu akuwolokera pomwepo.

Mlatho tili nawo tsopano. Choti tiwolotse ndiye tilibe.