Kagalimoto ka a Kefasi Koyenda Chafutambuyo

Pa Kamwendo panalibe injini yomwe inawakanika a Kefasi. Zigayo, mathirakitala, maminibasi otopa omwe anadzaza msewu matipate atabwera, zonse zinkadzuka m'manja mwawo. Sukulu analekezera Sitandade 4, koma akangomvetsera injini kamodzi, basi akuuzani pomwe ikudwala. Tisabise, kudzitama nako kunali kwawo.

Kuseri kwa galaja yawo kunali kagalimoto kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga. Mzungu wa ku esiteti ya fodya anawasiyira mu 1994 giyabokosi itaphwanyika, ndipo nkhuku zinkaikiramo mazira. Koma Esitele, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakula akusewera pa mpando wake, ndipo bambo akewo anamulonjeza kuti tsiku la ukwati adzapita kutchalitchi pa kameneko.

Mu 2001 ukwati unapsadi, mwamuna wake mphunzitsi woti amutengere kutali ku Karonga. Giyabokosi ya mtundu umenewo inasowa ku Lilongwe, ku Chipata nakonso ayi. A Habibu, ogulitsa zitsulo zakale za galimoto, anawapezera ya kombi yakufa. Koma kulowa kwake! Injini ya kombi imakhala kumatako kwenikweni, pomwe ya kagalimotoka inali kuseri kwa mipando. A Kefasi anaitembenuza giyabokosiyo kuti iyang'ane kwina, nasula chitsulo cholumikizira, naboola, nawotcherera. Masabata atatu anathera chagada pansi pake.

Lachisanu, ukwati uli mawa, injini inalira ndipo anthu anasonkhana. A Kefasi anaponda kalachi, nalowetsa giya yoyamba. Kagalimoto kaja n'kubwerera m'mbuyo, phwa! pa khola la nkhuku.

"Ndaphonya giya," anatero, akuseka ndi mano okha.

Yachiwiri, m'mbuyo. Yachitatu, m'mbuyo mothamanga. Yachinayi inatsala pang'ono kuwaponya m'dimba la eni. Atayesa livesi, kanayamba kukwawa kupita kutsogolo, kakulira ngati udzudzu.

Anatsika, nakazungulira kawiri, nasuzumira pansi. Mabawuti onse anali m'malo mwake. Mutu unawaima.

"Bambo a Esitele, kapena chiwongolero mwaika kolakwika?" anafunsa akazi awo. Wina pagulupo anati kagalimotoko kakufuna kubwerera kwa mwini wake ku Ulaya.

A Habibu anakanda mutu. "Achimwene, giyabokosiyi inu mwaitembenuza, nayonso ikuzungulitsa matayala chafutambuyo. Mkatimo muli gudumu la mano lofunika kuliika mbali inayo. Ndi ntchito ya masiku anayi imeneyo."

"Mbali itinso? Si ndatembenuza kale?"

A Habibu anajambula pa dothi, koma a Kefasi ankangoona mizere. Katswiri wa Kamwendo yense, kukanika kumva! Manyazi anawagwira, ndipo chinkawawawa koposa n'choti mwana wawo amuuza chiyani.

Loweruka m'mawa Esitele anatuluka atavala velo, nakakhala pa mpando wake uja osafunsa munthu. Kuchitira mwina kunalibe. A Kefasi analowetsa livesi, kagalimoto n'kuyamba kukwawa. Amayi anakazinga ndi nthungululu, akuvina, akuyala zitenje pamsewu, ndipo panalibe wotsala m'mbuyo chifukwa liwiro lake linali la mapazi awo. Anthu ankati a Kefasi achita dala, ukatswiri umenewo! Eni ake thukuta lili kamukamu, dzanja lili gwa! pa giya kuopa ingadumphe, osamvetsabe chomwe akutamandidwira.

Tchalitchi chitaonekera, mkwati ali chilili pakhomo, Esitele anagwira dzanja la bambo ake lakuda ndi oyilo lija.

"Ababa, mukuthamanga. Chepetsaniko."

A Kefasi anamuyang'ana mwana wawoyo, n'kukumbukira kuti mawa lomwelo Esitele akwera basi ya ku Karonga. Magiya anayi onse obwerera kunyumba anali pomwepo pansi pa dzanja lawo, ndipo mtima unafunitsitsa kulowetsa imodzi. Sanatero. Anangochepetsa moto, n'kulira osabisa.