Chimbale cha Mbuzi, chomwe tinachiika kumapeto

Lamlungu lapitali ndinatsala pang'ono kudana ndi msuweni wanga Yohane chifukwa cha munthu amene sadziwa n'komwe kuti ife tilipo.

Mukumudziwa mkulu uja wa chamba cha roko, wa gitala lolira ngati lapsa mtima. Pano imvi zili mbuu, koma akuimbabe. Kwathu ku Nsipe zimbale zake timazitchula potengera chithunzi cha pachikuto: cha Njinga, cha Chipewa, cha Mbuzi, choncho.

Nkhani inali ya amalume athu. Kwa zaka zambiri ankayendetsa lole yonyamula mbatata kuchokera ku Tsangano, ndipo ndi iwo anatikondetsa woimba ameneyu. Chakudza sichiimba ng'oma: miyezi itatu yapitayo anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, pakamwa panatsekeka. Chitulukireni m'chipatala sanayankhepo munthu. Tinaganiza kuti mwina nyimbo zingawadzutse. Akazi awo, aNaMaseko, anavomera, koma anati, "Amatopa msanga. Muwaikire chimbale chimodzi chokha."

Chimodzi! Mkangano unabuka pakhonde pomwepo.

"Cha Njinga basi," anatero Yohane. "Nthawi imeneyo woimbayu anali ndi njala, ankaimba ndi mtima wonse."

"Iwe makutu unawasiya kudimba," ndinamuyankha. "Gitala la mu cha Chipewa unalimva bwinobwino?"

Tinasanja zonse pa pepala, kufufuta, kusanjanso. Mpaka ndinamukumbutsa zoti analephera kulowa kwaya, taonani manyazi ake. Chimodzi chokha tinagwirizana osatsutsana: cha Mbuzi chikhale kumapeto. Ndi chija mkuluyu anaika gitala pambali n'kudzaza kiyibodi, mafani tonse n'kumukwiyira.

Kodi khalidwe limeneli tinalitenga kuti, inu anzanga? M'minibasi, kometetsa, m'magulu a pafoni, paliponse tikupereka malikisi ngati aphunzitsi. Munthu akangoti amakonda chimbale chomwe "odziwa" anachitaya, timamuseka mpaka amayamba kuchimvera mobisa. Ineyo ndine woyamba pa mlandu umenewu, ndipo sindibisa, kukanganako kumandikoma. Koma pa pepala lathu lija panalibe pomwe tinalemba kuti tifunse mwini makutu, kapena mayi amene wakhala nawo zaka zonsezi.

Pa mkangano uja ndinapambana ine. Tinalowa m'nyumba, ndinalumikiza foni ku kasipika, cha Chipewa chinayamba. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu. Amalume maso ali pakhoma, duu. Yohane sananditonze n'komwe.

ANaMaseko anaima pakhomo akupukuta manja. "Ana inu, cha Mbuzi chija mulibe?"

Tinayang'anana. "Chimenecho n'chosakoma, amayi," anatero Yohane.

"Kukoma kwake ine sindikudziwa. Ndikudziwa kuti kaseti yake inakanirira mu wailesi ya lole, amakaniko onse inawakanika. Zaka zinayi amalume anuwa ankamvera yomweyo, kukwera Tsangano ndi kutsika. Akafika pakona yapamsika paja ankaimba hutala kawiri, ine n'kudziwa kuti nditereke madzi."

Ndinachisaka mufoni, kumapeto kwenikweni. Kiyibodi ija tinainyoza inayamba kulira.

Poyamba palibe chinachitika. Kenaka chala cha dzanja lamanzere chinayamba kugunda bulangete, pang'onopang'ono, motsatira ng'oma. Milomo inagwedera. Nyimbo itafika pakati, amalume anakweza dzanja lija, natambasula chikhatho, nakanikiza bulangete. Kamodzi. Kawiri.

ANaMaseko anakhala pansi pomwepo, chitenje kumaso. "Ndamva, bambo," anatero. "Mwafika. Madzi ndatereka."

Ndinalira, sindinama. Yohane anatuluka, akuti kukaona njinga yake, chonsecho tinabwera wapansi.

Musandimve molakwa. Cha Chipewa chikadali nambala wani, ndipo Yohane akabwera Lamlungu likudzali ndidzamuuzanso. Gitala limenelija palibe wolifika. Koma pepala lathu ndinaliiwala pakhonde, ndipo ndamva kuti aNaMaseko anayatsira mbaula.

Tsono inu amene mumasanja zimbale za ena, musanaike china kumapeto, mudafunsapo kuti ndani ankafika nacho kunyumba?